Ndinabereka Wailesi Kumbuyo

Nkhani iyi bambo a Mphatso amangoidziwa mbali yabwino yokha, ndipo ngati mumacheza nawo, chonde musakandiyalutse. Mbali inayo ndaisunga m'mimba nthawi yaitali, mpaka yayamba kunditupitsa.

Zinachitika titangolowa m'nyumba yathu yoyamba ya magetsi pa Mitundu, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Katundu wonyaditsa m'nyumbamo anali mmodzi yekha: wailesi ya makaseti imene ndinagula nditayamba ntchito yotayipa. (Inde, ndili ndi satifiketi ya kukoleji. Inuyo muziikumbukira pamene mukuwerenga, chifukwa ine tsikulo ndinaiiwala.)

Magetsi a m'dzinja mukuwadziwa. Kukangogunda ku Dzalanyama, basi athima. Koma choopsa sikunali kuthimako, chinali kabweredwe kake. Ankabwera ngati ng'ombe zotuluka m'dibi. Firiji ya Mayi Saidi, oyandikana nafe, inapsa choncho, fungo la mawaya n'kukhala m'nyumba mwawo mpaka Khirisimasi. Kuyambira pomwepo ndinasanduka msilikali wa masoketi. Akangothima, ine liwiro kukazula chilichonse pakhoma, n'kubwereranso kukaona ngati ndazuladi.

Bambo a Mphatso anali ndi nzeru zawozawo. Magetsi akathima ankabwezera wailesi pakhoma, n'kukweza mawu mpaka kumapeto.

"Nanga tidziwa bwanji kuti abwera?" ankatero. "Mayi a Mphatso, kunyumba ya malamulo anthu akutukwanana masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndiphonye chifukwa cha mantha anu?"

Sabata imeneyo n'kuti tikumuletsa Mphatso kuyamwa. Mayi anga anadzamutenga kupita naye kwawo ku Nathenje kuti akaiwale bere. Amene analephera kuiwala ndi ine. Ndinkalira posesa, ndinkalira potsuka mbale, maso n'kutupa ngati andiluma mavu. Loweruka m'mawa ndinati basi, zivute zitani, ndikamuone mwana wanga.

Magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake, kumwamba kuli bii, abambo atapita kumsika. Ndinaima n'kuiyang'ana wailesi ija. Ndikaizula, abwera aibwezera. Ndikaibisa kunsi kwa bedi, aipeza (nyumba yake yobisamo chiyani?). Kenako nzeru inanditsikira: ndipita nayo. Ndinaikamo mabatire kuti mayi akamvereko nyimbo, poti kwawoko kulibe magetsi, n'kusiya uthenga kwa Mayi Saidi kuti abambo asakaganize kuti atibera.

Kuinyamula pamanja ndinaopa mvula ndi maso a akuba. Ndiye ndinaikulunga m'thaulo, kenako m'shawelo ya Mphatso, n'kuibereka kumbuyo, chitenje china pamwamba mpaka m'khosi kuti ngakhale dontho lisalowe. Kunena zoona msana wanga unasangalala. Unali utasowa katundu.

Minibasi ndinakwerera pafupi ndi chipatala. Tsopano tandionani mmene anthu anandionera: kamtsikana ka maso otupa, bulauzi itanyowa mkaka pachifuwa, kumbuyo kanthu kofunditsidwa mutu ndi miyendo yomwe, kosatakataka. Kutsamira sindikanatha, kuopa kuthyola eriyo ya wailesi, choncho ndinakhala chowerama, mphumi pa mpando wakutsogolo.

Paja kwathu kuno mwana akatisiya kuchipatala, mayi wosowa galimoto amangomubereka ngati wagona n'kukwera naye minibasi mwakachetechete, chifukwa kondakitala akadziwa amamutsitsa. Amayi amauzana zimenezi ndi maso okha. Ine ndekha ndi amene sindinamve.

Mayi wina wathupi, wa duku yoyera, anasendera pafupi nane.

"Ine ndine Nankhoma," ananong'ona. "Ukupita kuti, mwanawe?"

"Ku Nathenje, kwa mayi anga."

"Limba mtima. Tili limodzi."

Kondakitala atatambasula dzanja, Anankhoma analikankha. "Iwe, usamuyandikire, ndalama yake nayi." Amayi ena anasinthana malo ndi azibambo mpaka anandizungulira ngati mpanda. Wina anandisendera nthochi. Ine mumtima ndinkangoti: ha, ufulu wabweretsa chikondi m'dziko muno! Nthochiyo ndinadya.

Pamphambano ya ku Bunda, pomwe ndimayenera kusintha minibasi, Anankhoma anatsika nane.

"Ndimapita kutauni, koma ndipita tsiku lina. Sindingakusiye wekha ndi katundu ameneyu."

Ndinadabwa kuti adziwa bwanji zoti ndi katundu wodula, komabe ndinathokoza. M'minibasi yachiwiri ananong'oneza amayi amene tinawapezamo, nkhope zonse n'kugwa. Titayenda pang'ono, mayi wina anandigwira phewa.

"Pepani, achemwali. Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka.

Apa ndi pomwe pali mlandu wanga: sindinayankhule. Munthu wasiya ulendo wake, wakulipirira, wakupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chake, ndiye utembenuke uti mayi, ndi wailesi? Ndinaganiza zoti tikafika pa Nathenje ndidumphe n'kuzemba kuseri kwa magolosale. Kenako ndinaganizira Mphatso wanga, kuti anthuwa akumulira ali moyo, ndipo ndinayamba kulira zenizeni, mamina ndi misozi. Amayi aja nawonso anayambapo.

Anankhoma anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi kuti kondakitala asamve. Atatha anati tipemphere. Anatseka maso, n'kusanjika dzanja lawo lolemera pamwamba pa chitenje, pomwe ankaganiza kuti ndi pamutu.

Pamenepo ndi pomwe pali mabatani.

Khaa! Gitala wa kwasakwasa anaphulika kumsana kwanga, mawu ali pomwe anasiya bambo a Mphatso, kumapeto kwenikweni.

"Mayo ine! Wadzuka!" Mayi wa funso uja analumphira pamiyendo pa bambo wina wachipewa. Dalaivala anaponda buleki, nkhuku ya munthu n'kuulukira kutsogolo. Kondakitala, yemwe sankadziwa n'komwe chimene chikuchitika, ataona amayi akukuwa anatsegula chitseko n'kulowa m'chimanga cha eni ake.

Anankhoma okha sanasunthe. Anamasula chitenje. Anamasula shawelo. Anamasula thaulo. Wailesi ija inaonekera poyera, kaseti ikuzungulira mopanda manyazi.

"Mwana ali kuti?" anandifunsa, mawu ali pansi.

"Ali kwa agogo ake. Tikumuletsa kuyamwa."

"Ndi wamoyo?"

"Wamoyo, mayi. Wonenepa."

Ndinatseka maso kudikira khofi. M'malo mwake ndinamva nthungululu yoboola makutu. Anankhoma anali ataimika manja m'mwamba, misozi ikutsikabe, thupi lonse likugwedezeka ndi phwete. Minibasi yonse inagwa nacho chiseko. Nditafuna kuzimitsa, bambo wachipewa uja anati, "Ayi, siyani ilire! Maliro asanduka ukwati awa." Kondakitala anabwerera ali ndi chisoso m'thalauza monse, n'kunena kuti wailesiyo ilipire mpando wake poti yayankhula ngati munthu. Tinalowa mu Nathenje amayi akuvina ndi mapewa, anthu a m'mbali mwa msewu akutiimikira manja poyesa ndi gulu la chinkhoswe.

"Chitsiru cha mwana iwe," anatero Anankhoma potsika, akundikwapula ndi shawelo. "Wandiphonyetsa kutauni. Tiye ndikamuone mwanayo ndi maso anga."

Tinamupeza Mphatso pakhonde, mango ali mpaka m'makutu. Ine anangondiyang'ana kamodzi, n'kuthamangira wailesi. Anankhoma anamunyamula, kumupsompsona, kumuvinitsa, ndipo mayi anga atafunsa kuti tadziwana bwanji anangoti, "Tinakumana m'njira. Muli ndi mwana wosamala katundu." Mulungu awadalitse kumene aliko.

Nditabwerera ku Mitundu mawa lake, ndinapeza kuti magetsi anabweradi Loweruka lomwelo, ndipo anabwera ndi ukali. Mababu athu onse anaphulika. Mawailesi a m'nyumba zoyandikana nafe anafuka utsi. Bambo a Mphatso anandichingamira panjira, n'kulandira wailesi ndi manja awiri ngati mbale ya apongozi.

"Mwaona?" ankauza aliyense wodutsa. "Mkazi wanga anapita kusukulu uyu. Anaoneratu patali."

Mpaka lero akamanditama pagulu ndimangoti zikomo, maso pansi. Kuzula masoketi sindinasiye, ndipo kunena chilungamo, kumwamba kukada ndimaiyang'anabe wailesi ija ndi diso la ulendo. Ikulirabe bwinobwino. Koma ndinaliritsa amayi osalakwa kuchokera pamphambano mpaka pafupi ndi Nathenje, nthochi ya anzawo ili m'mimba mwanga. Tandiuzani inu anzanga: pamene mayi uja anandigwira phewa, inuyo mukanatsegula pakamwa? Nanga abambowa ndiwauze, kapena ndizingolandira ulemuwo?