Kachingwe Koyera ka M'firiji

Mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pa Amake Tisa ndimayang'ana pansi, ndipo iwo amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Chonsecho ine ndinkangofuna kusangalatsa amayi anga.

Mumzere wathu wa nyumba kuno ku Katete, firiji yaikulu ili kwathu kokha, choncho anthu amasungitsa ndiwo kwathu. Kuti pasakhale mkangano, mayi aliyense amamanga chizindikiro kumwendo kwa nkhuku yake. Wina amamanga kansalu ka chitenje, wina ulusi wofiira, wina kachingwe ka thumba la feteleza. Sabata imeneyo m'chipinda chozizira kwambiri cha pamwamba munadzaza nkhuku za amayi a chigwirizano, zoti akaphikire abusa atsopano Lamulungu. Lachisanu amayi anga anapita ku Vubwi kukaona khanda la azakhali, ndipo anandisiyira mawu amodzi okha: nkhuku za anthu zisawonongeke.

Nditaweruka kusukulu ndinaona kuti ayezi wakula m'mbali ngati chulu. Ndinaganiza zomupala pang'ono kuti amayi akadzabwera adzandiyamikire (palibe anandituma, dziwani zimenezo). Ndikupala ndi supuni, ndinapeza kachingwe koyera katakwiririka kukhoma la kumbuyo, kunsonga kwake kuli kamutu konga nyemba. Pafupi pomwepo panali nkhuku imodzi yopanda chizindikiro. Ndinaimvera chisoni nkhukuyo, ndinamveranso chisoni mwini wake. Ndinakoka kachingweko, kanakana. Ndinatenga sizasi n'kukadula, ndipo ndinakamanga kumwendo kwa nkhuku ija ndi mfundo yokongola kwambiri.

Pasanapite nthawi firiji inayamba kulira, pii, pii, kanyali kofiira kakuphethira.

Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. Inaliradi. Ndinaimenya pang'ono m'nthiti monga amalume amachitira ndi wailesi, kenako ndinaipepesa. Ndinaganiza kuti mwina chitseko sichikutsekeka, ndiye ndinachimanga ndi legeni ya njinga. Pomaliza ndinaifunditsa bulangete kuti anthu asamve (firiji, mwezi wa Okutobala, itafunda bulangete).

Ili chifundire choncho, anabwera Amake Tisa kudzatenga nkhuku yawo chifukwa alendo anali atawagwera. Anati yawo ndi yopanda chizindikiro, kansalu kanataika. Ataona kachingwe koyera anandisisita paphewa, nati mwana wa aphunzitsi ndi wosamala. Za bulangete sanafunse.

Loweruka m'mawa ndinadina nkhuku ya pamwamba ndi chala. Chala chinalowa. Apa m'pamene mantha a nkhuku anaposa manyazi anga, ndipo ndinathamangira kumsika kwa a Zulu okonza mafiriji. Ndinawapatsa moni, anayankha. Ndinawafunsa za kunyumba, anayankha. Nditayamba kufunsa za kumunda anaika sikuludalaiva pansi.

"Mwana wanga, wabwera kudzandifunsira ukwati kapena pali chinthu chafa?"

Tinafika kunyumba. Anavula firiji bulangete lake, anamasula legeni, anamvetsera injini, anayang'ana mphira wa chitseko, nati gasi alimo ndipo injini ili bwino. Kenako anatulutsa nkhuku zonse n'kulowetsa mutu. Anatuluka atagwira kachitsa ka waya wodulidwa mosalala.

"Khoswe wa pano ali ndi sizasi," anatero. "Sensa ili kuti?"

Ndinati sindikuidziwa. Anandifotokozera kuti firiji ilibe maso, pali kamutu kakang'ono kamene kamaiuza ngati m'kati mwazizira kapena mwatentha. Popanda kamutuko imasokonezeka, sidziwa nthawi yogwira ntchito ndi yopuma, n'chifukwa chake inkalira. Anati n'koyera, kofanana ndi nyemba.

Pomwepo ndinakumbukira kachingwe kaja. Ndinanena motsitsa kuti kali kwa Amake Tisa. Anafunsa kuti kakutani kumeneko. Ndinati kali pankhuku.

Tinawapeza Amake Tisa pambaula, mphika ukubwadamuka. Miyendo anaisungira alendo kuti adye masana amenewo, ndipo kachingwe sanakamasule chifukwa mfundo yanga inali yolimba. A Zulu anawapempha mwaulemu wonse kuti avundukule. Mwendo unatuluka pa chipande, sensa ikulendewera, yofiira ndi tomato.

"Amake Tisa, mwaphika bongo wa firiji."

"Ndiye n'chifukwa chake msuzi ukukoma chonchi," anayankha, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi. Ine ndinkafuna nthaka itseguke, koma kuseka kunanditulukira m'mphuno.

Mwamwayi a Zulu anali ndi sensa ina yochotsa m'firiji yakufa. Anailumikiza, anakulunga bwino ndi tepi, anaibwezera pamalo pake, ndipo kulira kunatha. Koma anati nkhuku zofewa zisabwererenso mu ayezi, ziphikidwe tsiku lomwelo. Amake Tisa anazungulira mzere wonse kuitana anzawo, ndipo nyumba iliyonse ankayambiranso nkhani ija pachiyambi. Masana pabwalo pathu panali mbaula ndi mafuta akuthetheka, amayi a chigwirizano akuimba nyimbo zolandirira abusa. Ine anandipatsa ntchito yomasula zizindikiro, aliyense akundichenjeza kuti ndione kaye ngati sichikuchokera kukhoma. Palibe nkhuku imene inatayika, ndipo akuti abusa anawonjezera.

Amayi anamva nkhaniyi asanatsike n'komwe minibasi. Atafika sanandikalipire. Anangondigwira masaya onse awiri, nati kuyambira lero ndizitsuka mbale ndi kusesa pabwalo, chilichonse cholowa kumagetsi ndizichipatsa moni ndili patali.

Ndinavomera ndi mtima wonse. Koma dzulo ndinaona kuseri kwa wailesi ya kanema kuti mawaya apiringizana, fumbi lili mbuu. Ndinaima pamenepo ndi kansalu m'manja, ndikudziuza kuti ndingopukuta kamodzi kokha.