Tsiku Limene Ndinaweruza Mlandu wa Mfuti za Apongozi

Anzanga, bodza lina limangotuluka lokha osaliitana, makamaka ukakhala pa tebulo la apongozi mbatatesi ikukuwotcha m'kamwa. Langa linatuluka cha m'ma 2006, nthawi ija Dublin yense anali makreni omangira nyumba okhaokha. Ndinali pa sikolashipu, ndikuchita masters, ndipo mtima unali utagwera Aoife, namwino wa ku Lucan amene lero ndi mayi wa ana anga. Cholinga changa chinali chosalakwa: bambo ake, a Fergus, andikonde basi, kuti tsiku lokapempha ukwati lisadzavute.

A Fergus anali kontirakita womanga nyumba, manja ngati mafosholo, mawu ochepa. Lamlungu lina tikudya anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kondwani, kwanu kuja munayamba mwagwirapo mfuti?"

Yankho loona linali lalifupi kwambiri: ayi. Ine ndinakulira ku Chilomoni, mfuti ndinkaiona pa rodibuloko, ndipo ndikaiona ndinkayang'ana kumbali. Koma pakamwa panga, osandifunsa mwiniwakene, panati, "Aa, bambo, kwathu mfuti ili ngati khasu."

Aoife anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. Mochedwa! Nkhope ya a Fergus inali itawala kale. Akuti Loweruka tipite limodzi ku kalabu yawo yowombera mapepala, kuseri kwa Citywest chakumapiri, pali nkhani imene ikufunika munthu wodziwa. Munthu wodziwa! Inu mukanakana?

Ndiye ndinakonzeka ngati katswiri. Ndinakagula jekete la kaunjika la mawangamawanga ngati la asilikali, ndi chipewa chake. Kufika kumeneko ten koloko m'mawa, ndikupeza azibambo ovala majuzi ngati akupita ku Misa, ena ali ndi mafulasiki a tiyi. Wa mawangamawanga ndinali ndekha. Woyang'anira malowo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa a Fergus ngati kwayambika nkhondo imene iye sanaimve pa wailesi.

Kenako anandipatsa zotseka m'makutu. Anzanga onse anazikoleka m'khosi kudikira nthawi yake, ine ndinavala pompo kuti ndioneke wozolowera. Dziko lonse linangoti zii. Ndikuona mkulu wina wa ndevu zofiira, a Mossie, mnzawo wa a Fergus, akundiyankhula kwinaku akuloza mfuti ziwiri pa benchi. Sindikumva kanthu, koma katswiri safunsa kawiri, ndiye ndinangoyankha mokuwa, "EYA! PALIBE VUTO!" Anthu onse anatembenuka. Nditavula zotsekazo m'pamene ndinadziwa chimene ndavomera: kukhala woweruza pa mkangano wa zaka zitatu.

Mkangano wake unali uwu. Onse awiri anali ndi mfuti za mtundu umodzi, zija zimagawika pawiri, chapansi ndi chapamwamba, ndipo onse ankafuna kuwombera tizipolopolo tating'ono ta saizi imene amati twenty-two, toyenera pepala. A Mossie anagula kachitsulo kamene amangosinthira m'kati mwa mfuti yaikulu, amati kiti, ndipo ankalumbira kuti n'kokwanira, miniti imodzi wasintha, wayamba kuwombera. A Fergus ankati zimenezo n'zaulesi, mpope wa mfuti yaikulu sunapangidwire kachipolopolo kakang'ono, munthu wolongosoka amagula chapamwamba chonse chapadera, chokhala ndi mpope wakewake. Chapamwambacho iwo amachitcha "upper", koma m'kamwa mwa a Fergus chinkamveka "apa", ndiye nthawi iliyonse akati "apa" ine ndinkayang'ana pansi kufuna kuona kuti apa pati.

"Tatiuzani, Kondwani," anatero a Mossie, akundipatsa kachitsulo kaja. "Maso a munthu wakutchire sanama."

Wakutchire, ine wa ku Chilomoni! Ndinakatembenuza uku ndi uku, sindikudziwa kutsogolo kwake n'kuti. Ndinakagogoda ndi chala. Kenako, Mulungu andikhululukire, ndinakanunkhiza. Ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Mmm. Mfuti siiweruzidwa ndi maso, bambo. Imayankhula yokha." Ndinkaganiza kuti ndathawa. Kumeneko kunali kudzikumbira dzenje ndi manja anga, chifukwa onse awiri anawomba m'manja n'kunena kuti zoona, ndiwombere zipolopolo ten ndi mfuti ya a Mossie, ten ndi ya a Fergus, pepala linene.

Anandigoneka chafufumimba pa mphasa nambala five, woyang'anira ali pambali panga. Kumanzere kwanga, pa nambala four, panali mayi wachikulire wa tsitsi loyera, mayi Bríd, amene anali atangomaliza kuwombera pepala lawo la mpikisano wa kalabu n'kupita kukathira tiyi. Ndinasuzumira m'galasi la mfuti, mdima. Ndinali nditatsinzina diso lolakwika. Nditasintha diso, ndinaona pepala loyera lili ndi chozungulira chakuda, ndinati eya, ndi limeneli, mapepala onse amafanana.

Ndinalimbitsa thupi lonse kudikira kugunda kwa mfuti ngati m'mafilimu, mano ndaluma, ndakoka. Kamfuti kanangoti "pha", ngati mwana wakhosomola. Koma thupi linali litakonzekera kale kukankhidwa, ndiye ndinadzikankha ndekha, chipewa n'kugwa. Woyang'anira anayang'ana kumwamba ngati akupemphera.

Ten zinatha. A Fergus anasuzumira m'galasi lawo lalikulu loonera patali n'kufuula mokondwa, "Palibe ngakhale bowo limodzi! Mossie, kiti yakoyo ndi chitsulo cha ku sikirapu!" A Mossie anafiira kuposa ndevu zawo. Ine ndinatukula mapewa ngati dokotala amene wayesetsa koma wodwala wakana. Ndinafika mpaka ponena kuti, "Ndinaimva kale m'manja kuti ikukokera kumbali." Tamverani bodza likubereka ana!

Anandipatsa ya apongozi. Ten zina, pha, pha, pha, tsopano ndikumva kukoma, ndikudziona kale pa ukwati. A Fergus anasuzumiranso. Anapukuta galasi ndi juzi. Anasuzumiranso. A Mossie anawalanda galasilo, kuyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi. Pepala langa linali loyera ngati latuluka kumene m'sitolo.

Woyang'anira anaimitsa onse, mfuti zinatsegulidwa n'kusiyidwa pa benchi, tinayenda gulu lonse kukaona mapepala. Langa ukanatha kulembapo kalata yofunsira ntchito. Koma la nambala four, mayo ine! Linali ngati sefa. Mayi Bríd anafika pambuyo pathu, kapu ya tiyi ili m'manja, anawerenga mabowo modekha n'kunena kuti, "Ine ndinawombera ten. Apa pali thirty. Ndipo ten zangazo zinali zabwino kuposa zonse zimene ndawomberapo chaka chino."

Ndinafuna nthaka ya Ireland ing'ambike indimeze ndi jekete langa lomwe. Ndinayamba kupepesa m'Chingerezi, chinandithera, ndinapitiriza m'Chichewa. Woyang'anira anawafunsa mayiwo chifukwa chake sananene msanga. Iwo anati, "Nditabwera ndi tiyi ndinapeza ten zoyamba za mnyamatayu zafika kale, zamwazikana pepala lonse ngati manyi a mbuzi. Ndiye ndinati ndikhale pansi ndione mathero ake. Ten zachiwirizo zinabwera mwaulemu, zonse pakona imodzi iyi."

Kenako a Fergus anawerama, anayang'anitsitsa pakona paja, anadzuka pang'onopang'ono maso akuwala, n'kugwira a Mossie paphewa. "Waona? Ndi kiti yako mnyamatayu waphonya paliponse. Ndi chapamwamba changa waphonya pamalo amodzi!"

Basi, mlandu unathera pomwepo, apongozi apambana. Pobwerera m'galimoto ankaimba likhweru, ndipo nditapempha ukwati patapita miyezi iwiri sanandivutitse n'komwe. Ndinkaganiza kuti nkhaniyo yaikidwa m'manda. Pa phwando la ukwati, a Fergus anaimirira ndi maikolofoni n'kuifotokoza yonse, kuyambira pa kununkhiza. Amalume anga, amene anachokera ku Blantyre kudzaimira banja, atawamasulira anafunsa mokweza, holo yonse ikumva, "Mfuti? Uyu? Uyutu nkhuku ya Khirisimasi timachita kukaphetsa kwa aneba!"

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandifunsa ngati ndimadziwa chinthu, ndimayamba ndakana. Ngakhale kupalasa njinga ndimati sindinaphunzire.