Chipsera cha Abishopu

Mpaka lero ndikamadutsa pa Songani amayi ena amandiitana kuti "mlezi wa Abishopu", ndipo musaganize kuti ndi ulemu. Ndinaziputa ndekha.

Kuno ku Domasi kunatuluka bishopu, mwana wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, ngakhale ankagwira ntchito ku dayosizi ina yakutali. Tsiku lomwe wailesi inalengeza za kudzozedwa kwake, pakamwa panga panayabwa. Ndinauza amayi a kumphakati kwathu, kagulu kathu ka mapemphero a m'mudzi, kuti mwanayo ndinamulera ndine, ndinkamubereka kumsana amake akapita kumunda. Nkhaniyo inkanenepa chaka ndi chaka. Pofika chaka chachitatu ndinali nditamuphunzitsanso Atate Athu, n'kumulota atavala chisoti chachitali chija cha mabishopu akadali wakhanda.

Zoona zake n'zakuti ndinakumana naye kamodzi kokha, ali kamnyamata, akuthyola nzimbe m'dimba langa. Ndinamugenda ndi mpini wa khasu (nthawi imeneyo mkono unali mkono).

Ndiye chaka chija cha mavoti a matipate tinamva kuti Abishopu akubwera kwawo kudzathokoza Mulungu pa zaka zawo za unsembe. Nasibeko, mnzanga wa kumphakati yemwe nkhani yanga sankaimeza, anathamangira kwa Bambo Mfumu.

"Bambo, mlezi wawo akhale kutsogolo, mphatso yathu apereke ndi manja ake."

Chikondi chimenecho, anthu inu. Ndinayesa kudwala mwendo, Nasibeko anatumiza njinga. Mphatsonso yake inali mtolo wa nzimbe, poti ndizo timalima.

Misa itatha, akatekisiti anawerenga mbiri yonse ya Abishopu: seminale, unsembe, maparishi a kumapiri komwe ankayenda pa njinga yamoto, sukulu ya ku Roma, kenaka ubishopu. Ine ndinkangopemphera kuti pepalalo lithere pomwepo. Koma ayi.

"Tsopano abwere mayi amene anawalera Ambuye athu."

Nthungululu. Ndinayenda ndi mtolo wanga pamutu, mwendo wodwala uja nditauiwala. Ndinagwada, ndinapsompsona mphete. Abishopu anandiyang'ana, n'kuyang'ana nzimbe, n'kundiyang'ananso.

"Amayi, dimba lija la m'mbali mwa mtsinje likadalipo?"

"Lilipo, Ambuye," ndinayankha ndi kamawu ka mwanapiye.

Anavula chisoti, anavula kachipewa kam'kati, n'kuweramitsa mutu kuti mpingo wonse uone. Padazi pawo panali chipsera, ntchito ya manja anga.

"Amayi awa kumsana sanandibereke," anatero, "koma dzanja lawo siliphonya. Ndi magazi amenewo ndinaopa kupita kunyumba, ndinathawira kumishoni. Bambo wachizungu anandimanga bala, sabata yomweyo ndinayamba kutumikira Misa." Kenaka anagwira mtolowo. "Izi mwandipatsadi, amayi, kapena ndiyambe ndavalanso chisoti?"

Tchalitchi chinagwa ndi phwete, mpaka masisitere omwe. Nasibeko ankapukuta misozi ndi duku. Ine ndinakhalabe chogwada (pemphero lalitali chonchija sindinapempherepo) mpaka akatekisiti anachita kundidzutsa.

Pobwerera Nasibeko anandipeza pamsewu.

"Msana uja uli bwanji, mlezi? Mwanatu ndi wolemera uja."

"Inuyo, a Nasibeko, munagendapo ndani n'kukhala bishopu?"

Anangopitiriza kuseka.

Chichokereni tsiku limenelo bodza ndinasiya. Masiku ano ndimangonena zoona zokhazokha, kuti kuseminale ndinamutumiza ndine. Ndipo usiku woti mawa ndimugenda, chisoti chija ndinachilota.