Tsiku limene ndinamwetsa Paulo kachasu

Mpaka lero mayi Likoswe tikakumana pamsika ku Utale amandiyankha moni akuyang'ana tomato, ndipo sindiwadandaula.

Akulu ampingo anandipempha kuti Lachitatu lina ndifotokozere anthu Machitidwe 24, pamene Paulo akuzengedwa mlandu pamaso pa bwanamkubwa Felike. Poti ndine mphunzitsi (aphunzitsife kungowerenga sikutikwanira), ndinati tichite sewero. Ndinadzisankhira kukhala Tertulo, loya wa pakamwa potsekemera woneneza Paulo uja. Upaulo ndinapatsa a Likoswe, amuna awo a mayi aja, dikoni wathu wofatsa, munthu woti ngakhale thobwa amayamba walinunkhiza.

Poyamba zinayenda bwino. Ndinati munthuyu ndi mliri, amautsa zipolowe, anafuna kudetsa Kachisi. Ndinaima pang'ono kuwaunikira anthu kuti onenezawo analibe umboni. Koma mukudziwa mmene Balaka imawotchera mu Okutobala, theka la tchalitchi linali likusinza. Ndiye ndinati ndithireko mchere.

"Bwana Felike," ndinakuwa ndikuloza a Likoswe, "mkulu mukumuonayu akagulitsa thonje amatsetserekera kudambo kukamwa kachasu! Jekete ili ndi lobisira botolo!"

Tulo tonse balala. Chimene sindinaone n'chakuti mayi Likoswe anali atangofika pakhomo mochedwa, za sewero asakuzidziwa.

"Eti! N'chifukwa chake jekete silichoka m'thupi kutentha konseku!" anakuwa mayiwo.

"Iyayi mayi, awatu ndi Paulo," ndinatero.

"Paulo wake uti? Ndakalamba ndikuwachapira ine, awa ndi a Edisoni!"

Anawagwira mkono n'kutuluka nawo, Felike ali kukamwa yasa, mlandu osagamula. Pofika Lachisanu nkhani inali kuchigayo, botolo lija litasanduka chigubu. Ndinapalasa njinga khomo ndi khomo kutsutsa bodza langa lomwe, koma ena ankangondisisita paphewa: "Musawabise, aphunzitsi, Mzimu ndiwo unakulankhulitsani."

Nditapita kukapepesa ndinapeza a Likoswe akusema mpini kuseri kwa khola.

"Aphunzitsi," anatero osakweza mawu, "Paulo anakhala m'ndende zaka ziwiri, koma anzake ankaloledwa kumusamalira. Ine lero ndi tsiku lachitatu ndikudziphikira ndekha."

Mayi aja anakhulupirira pokhapokha abusa atabwera okha ndi Baibulo n'kuwawerengera mutu wonse, kuti amve kuti kachasu mulibemo.

Mwezi uno akulu ampingo andipatsa nkhani ya Yosefe ndi mkazi wa Potifara. Ndawauza kuti ndili ndi chifuwa.