Jenifa Wakana Kudya

Kumtunda konse kwa Bembeke, ukati "a Bonifasio" anthu ankayamba afunsa kuti, "Ati? A njoka aja?" Eya, omwewo. Anzawo ankaweta nkhumba ndi nkhunda, iwo ankaweta nsato m'bokosi la matabwa kuseri kwa khitchini, ndipo nsatoyo inali ndi dzina ngati la munthu wobatizidwa, Jenifa. Akazi awo, a Kristina, ankati akamva dzinali amayamba alavula.

Kunena zoona, njokayo sinali yawo. Anaitola ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Alufeo, ku nkhalango ya Chongoni ikadali ngati lamba wa buluku. Dzinalo anaipatsa pofuna kutseka pakamwa amayi ake, amene ankamuvutitsa kuti abweretse mkazi pakhomo. Ndiye chaka china Alufeo ali pa mowa ku Chimbiya, anafunsa mokweza ngati khadi la chipani munthu angalithire mchere n'kudya. Anthu anaseka, koma wina ankaseka akuloweza mawuwo. Posakhalitsa galimoto ya boma inaima pakhomo. Akumukankhira m'kati, Alufeo anangokuwa kuti, "Bambo, muzimudyetsa Jenifa!"

Zimenezi a Kristina zinawawawa kwambiri. Mimba anasenza ndi iwo, koma mwana pochoka anatsanzika njoka.

Kumene anamupititsa palibe ankadziwa, ndipo kufunsa kunali kudziitanira galimoto yomweyo. Basi a Bonifasio anadzipangira okha njira yomvera uthenga. "Jenifa akadya," anatero, "ndiye kuti mwana wanga nayenso wadya kumene aliko." Mu Meyi njokayo inameza khoswe, mkuluyo anavina ngoma yekha pabwalo, fumbi koboo. Koma Juni atalowa, nkhungu n'kuphimba mapiri, chisanu cha ku Dedza chija chofika mpaka m'mano, Jenifa anadzipinda ngati nkhata n'kutseka pakamwa.

Apa m'pamene mudzi unaona zakuda. A Bonifasio anasanduka mphaka wa anthu onse, kukwawa pansi pa nkhokwe za eni ndi misampha. Khoswe woyamba anamuponya m'bokosi wamoyo. Kutacha anamupeza atagona pamsana pa Jenifa, akupukuta ndevu. Wachiwiri anamupha, n'kumumanga chingwe kumchira, n'kumamuvinitsa pamphuno pa njoka, iwo akulira "tswii, tswii" ndi mawu a munthu wa imvi. Jenifa phee. Wachitatu anamuviika mu msuzi wa nkhuku umene a Kristina anaphikira tsiku la Mulungu.

"Bambo ake Alufeo, mwandiviikira khoswe mu ndiwo?"

"Mutu wokha, amake Alufeo. Mwina fungo limukopa."

"Nanga ife tidya chiyani?"

"Ife si odwala."

Anapita mpaka ku mishoni kukapempha madzi odalitsidwa. A katekisiti, a Damiano, anagwira pakamwa.

"Madzi a Mulungu kuwaza njoka? Mwaiwala amene anatitulutsa m'munda wa Edeni?"

"Ija inali ina, a katekisiti. Iyi ngakhale chipatso siichifuna."

Anabwerako ndi botolo lopanda kanthu.

Chimene chinkawapsetsa mtima a Kristina n'chakuti iwo ankadziwa. Chaka chilichonse nyengo yozizira Alufeo ankaisiya njokayo osaivutitsa, ati idzadya kukafunda. Anawauza amuna awo momveka bwino.

"Ndiye mwana wanga akhale ndi njala mpaka Okutobala?" anayankha a Bonifasio, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mu Julayi kunabwera achinyamata a chipani a malaya ofiira aja, kudzatolera nkhuku ndi mazira za mphatso ya mtsogoleri wa dziko. Patsogolo panali a Petulo, a tcheyamani, munthu woti ali mwana ankasewera ndi Alufeo pabwalo lomwelo. Pakhomopo panatsala kamsoti kamodzi kamene a Bonifasio ankasungira Jenifa.

"Kameneko ndi ka wodwala," anatero mkuluyo.

"Wodwalayo ali ndi khadi?"

"Alibe thumba loikamo. Koma pisani dzanja m'bokosimo mumufunse nokha."

A Kristina anaponya maso kumsewu kuyang'ana galimoto. Koma a malaya ofiirawo, olimba mtima pomenya nkhalamba pamsika, palibe anayandikira bokosilo. Anangonyamula kamsotiko n'kumapita, osacheuka.

Kenako a Bonifasio anatenga bulangeti lawo, limodzi lomwelo, n'kukafunditsa njoka. A Kristina analankhula mpaka mawu anasasa. Njoka ilibe moto m'thupi, bulangeti lisunga kutentha kwanji? Mkuluyo osamva. Ankagona ndi chiguduli, m'mawa n'kukakhala pa mphepo pafupi ndi bokosi, akutsokomola, akunyengerera ngati mayi wa mwana wokana phala. "Idya mwanawe, pang'ono pokha. Ukamuphe mnzako ndi njala?" Anthu amene kale ankaima kumpanda n'kumaseka anayamba kudutsa atazyolika.

Chibayo chinawagwetsa a Bonifasio mu Ogasiti. Tsiku lomaliza anatsegula maso n'kufunsa mawu amodzi okha.

"Wadya?"

"Wadya," anatero a Kristina. "Khoswe wamkulu."

A Bonifasio anawayang'ana nthawi yaitali. "Zaka zonsezi, amake Alufeo, simunaphunzirebe kunama."

Maliro atatha, achibale anati njokayo iphedwe, yatha munthu. A Kristina anavomera ndi mtima wonse. Anatenga chikwanje okha, n'kutsegula bokosi, n'kuona bulangeti lija. Anatsekanso. Anadziuza kuti aipha mawa, ndipo mawa lakelo silinafike.

Okutobala anabwera ndi dzuwa lake. Masana ena khoswe anakodwa pamsampha umene malemu anaiwala kuseri kwa mtondo. A Kristina anamugwira kumchira monyansidwa n'kumuponya m'bokosi, popanda chingwe, popanda msuzi, popanda "tswii". Jenifa anatukula mutu, kamodzi n'kamodzi khoswe uja mbwee. Mayiyo anangozindikira akuthamangira kukhonde, akukuwa, "Bambo ake Alufeo, wadya! Wadya!" Pakhondepo panali mpando wokha. Anatukwana njoka, anatukwana malemu chifukwa chosadikira miyezi iwiri yokha, anatukwananso ena amene sitingawatchule, kenako anakhala pansi n'kulira.

Masiku ano kumudziko kuli zii. Makoswe abwerera m'nkhokwe, ndipo palibe wokwawa pansi kuwasaka. Za Alufeo sizinamvekebe, ndipo dzina lake palibe amene amalitchula pagulu. Koma a Kristina amatchera misampha madzulo alionse, akulavula, akung'ung'udza. Anthu akamachokera ku Misa amaima kumpanda, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kufunsa motsitsa mawu:

"Amake, Jenifa wadya?"

Kukafunda amayankha kuti wadya. Ikafika Juni, amangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.