Netiweki Yojambula Pamanja

Iyi ndi nkhani yomwe mkazi wanga Tiyamike amaifotokoza pa ukwati uliwonse, ndiye bola muimve kwa mwini manyazi, ine Limbani, wokonza mafoni pa boda ya Mwanza.

Nthawi imeneyo ndinali nditapeza ka apu kena koika chizindikiro chako pa status bar, kamzere ka pamwamba pa sikirini paja pamaoneka batire ndi nthawi. Anzanga ankaikapo timitima ndi timbendera. Ine, pofuna kukopa makasitomala, ndinabisa chizindikiro chenicheni cha netiweki n'kujambulapo changa: timizere tonse todzaza, pambali pake 5G. Olo ulowe nayo m'chitsime, foni yanga inkaonetsa fulu. Madalaivala a mathiraki ankangoti, "Koma mphwanga ndiwe dolo."

Ndiye linafika tsiku lokaonekera kwa amalume ake a Tiyamike, a Kachingwe, kumapiri a kwa Kanduku. Ndinavala suti yobwereka ndi nsapato zosongoka zija. Kumudziko netiweki kulibe. Ukafuna kuimba umakwera phiri mpaka pamwala wina waukulu, aliyense amadziwa.

Titakhala pansi pa mtengo wa mango, a Kachingwe anati, "Ife takuonani, bambo, ndipo tilibe chifukwa nanu. Koma mwini mbumba ndi achimwene anga a Filipo, ali ku Tete. Popanda mawu awo palibe chichitike. Tikanawaimbira, koma foni yanga aneba apita nayo kuphiri. Mudzi wonse umabwereka yomweyi."

Ine m'malo mokhala chete, ndinatulutsa foni yanga n'kuiika pampando kuti ionekere. Matama basi.

A Kachingwe anaiyang'anitsitsa. "Imeneyi ndi netiweki? Pakhomo panga pano?"

Apa m'pamene ndikanalapa. Koma pakamwa panga panangotuluka kuti, "Ndi 5G, amalume. Imagwira paliponse."

Anaitana banja lonse kuti lidzaone. Amayi ake aakulu a Tiyamike, a Nabanda, amene mawondo amawavuta, anaombera m'manja. "Mulungu ndi wabwino. Lero tilankhula ndi a Filipo titakhala pamkeka."

Ananditchulira nambala. Ndinaimba. Zii.

"Mwina ali kutchalitchi," ndinatero.

"Lachiwiri?" anafunsa a Kachingwe.

Ndinaimbanso. Foni inangolira kamodzi kuti tu n'kudzidula yokha. A Kachingwe anaitenga, n'kuona timizere tili fulu, nkhope n'kusintha.

"Netiweki ilipo yonse iyi. Ndiye kuti akudula dala."

"Ndinanena ine," a Nabanda anayamba. "A Filipo chikhalire amafuna mwanayu akwatiwe ndi dalaivala uja wa ku Zobue. Amva kuti kwabwera mlendo, ndiye akutidula ngati ndife ana."

Nkhani inakula ndikuona. Wina anakumbutsa za mbuzi yomwe a Filipo sanabweze. Wina anati chipitire ku Tete anayamba kunyada. Munthu wosalakwa ankadyedwa miseche chifukwa cha chithunzi chomwe ndinajambula ndekha ndikudya chipisi.

Kenako a Kachingwe anaimirira n'kukutumula fumbi pathalauza. "Pepani bambo. Kudula foni ndi yankho. Bwererani kaye kwanu."

Tiyamike, amene ankadziwa ntchito zanga zonse, anandiyang'ana ndi diso lija. Anangoti motsitsa, "A Limbani, munena nokha kapena ndinene ndine?"

Ndinagwada, suti yobwereka ili m'fumbi.

"Amalume, a Filipo sanadule. Netiwekiyi ndi yojambula."

"Yojambula bwanji?"

"Ndinaijambula ndine. Ndi kachithunzi chabe."

Ndinachotsa simu khadi n'kuwaonetsa. Timizere tili chilili, 5G ili nga, simu ili m'manja mwanga.

Kenako a Nabanda anaphulika kuseka mpaka kugwira nthiti. "Mayo ine, tamunenera zoipa mchimwene wanga chifukwa cha katuni!"

Chilango changa chinali kutsogolera ulendo wa kuphiri. Nsapato zosongoka pamiyala, dzuwa lili pamutu, banja lonse pambuyo panga likuimba kuti "faivi jii, faivi jii." Pamwala paja tinapeza aneba atatu ali pamzere, akudikirana foni ya a Kachingwe. Mwini wake anachita kupempha kuti aibwerekeko.

A Filipo anayankha kulira koyamba. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamuna wogwada n'kuvomera bodza lake pamaso pa akuchikazi ndi wosowa. Mpatseni. Koma za mbuzi zija ndamva, tidzakambirana."

Mtima wanga unakhala pansi, ndinasangalala ngati mwana. Potsika, a Kachingwe anandikokera pambali, nkhope ili yoopsa. Ndinati basi, tsopano ndimva zanga.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundipatsira foni yawo mobisa.

"Akamwini," ananong'ona, "kachithunzi kosonyeza kuti batire latha, mungajambule? Kofiira bwino. Anebawa anditopetsa."

Mpaka lero foni ya a Kachingwe ili pa wani peresenti, ndipo mudzi wonse umawamvera chisoni.

Bodza ndi loipa, abale anga, pokhapokha akuchikazi akaliitanitsa okha.