Kiyi Wachinayi wa Laston Nkhoma

"Tulutsa kiyi, Jameson! Unamusambitsa ndiwe, unamuveka jekete ndiwe, kiyi akalowera kuti?"

Awa anali Mai Winifred ophika mowa aja, kundikalipira pamaso pa lokesheni yathu yonse ya Makokoba, ine bambo wa ana asanu. Ndinawayankha, koma mawu ake sindilemba pano. Popeza mwamva theka, imvani zonse, muone nokha wotiyambanitsa.

Munthu wake ndi malemu Laston Nkhoma wa ku Ntcheu, mnzanga wa ku njanji, yemwe sankakhulupirira cholengedwa chilichonse chokhala ndi manja. Mzungu wake popita kunkhondo anamusiyira njinga yamoto yakuda, mthuthuthu weniweni, ndipo kuyambira tsiku lomwelo Bulawayo yense anasanduka wakuba. Anaimangirira ku mtengo wa bulugamu pakhomo pake ndi maunyolo anayi okokera ngolo: wina pa tayala lakutsogolo, wina lakumbuyo, wina pamimba, wachinayi kuzungulira onsewo. Unyolo uliwonse loko wakewake.

Ukamupatsa moni, ankayang'ana maso ako kuti alunjika kuti. Abusa athu anangoti njingayo ndi yokongola, iye n'kuwafunsa kuti yokongola mbali iti, ndipo anayamba liti kuiyang'ana. Wapolisi wa lokesheni anabwera kudzafunsa mapepala ake. Laston anamuonetsa, kenaka n'kumufunsa wapolisiyo kumene amagona. Ngakhale mkazi wake Dorah, MaNcube, Mndebele wa konkuno, mayi wofatsa ngati madzi a mumtsuko, popukuta fumbi ankapukuta mwamuna ataima pambali kuwerenga masipoko.

Nzeru yake yaikulu inali pa makiyi. Ankati kusunga onse yekha n'kupusa, akhoza kumumenya kamodzi n'kutenga onse. Ndiye wina anapatsa ine, wina Mai Winifred, wina Che Bashiri telala wa pakona. Ndinamufunsa kuti bwanji anthu atatu osamwerana madzi? Anati, "Achimwene, ndicho chifukwa chake. Akuba amayamba agwirizana."

Ndipo sitinkamweranadi madzi. Ine ndinamva kuti Mai Winifred amati pakamwa panga ndi pompi wa masipala, mpopi wa lokesheni wosatsekeka. Iwo anamva kuti ine ndimati mowa wao amasungunula ndi madzi ochapira. Che Bashiri anamva kuti tonse awiri timati mathalauza ao mwendo umodzi umafika kutali ku Gweru, wina umathera pafupi pompa pa Mpopoma. Zaka zisanu ndi chimodzi tikudutsana ngati agalu a makomo osiyana. Tsiku lina Laston anandipeza ndikuseka ndi Che Bashiri, kuseka chabe za mvula. M'mawa mwake maloko awiri anali atsopano.

Mudziwa kakweredwe kake? Kuti atole makiyi makomo atatu, atsegule, apinde maunyolo, belu la ku njanji linali litalira kale. Ndiye kuntchito ankapita wapansi ngati ife tomwe. Ankakwera Lamulungu lokha, kuzungulira lokesheni kawiri, maso kumbuyo, n'kudzamanganso. Ndinamuuza kuti munthu wa sowo wodulira zitsulo angathe zonsezi asanamalize ndudu. Iye anasonya kathumba kachikopa kamene kankalendewera m'khosi mwake, nati mankhwala ali m'menemo ndi a kwao, wodula unyolo manja adzakanirira pachitsulo. "Wakuba mudzamudziwa ndi sowo," ankatero, ndipo Makokoba yense anawaloweza mawuwo.

Chifuwa chinamugwira chaka chimene nkhondo inatha. Ndinapita kukamuona, wauma ngati bango. Anandikoka dzanja, nati kwao anamuwerenga kale m'gulu la machona, otayika osabwerera, ndipo mayi ake anamwalira akuti Laston anangothera nsapato ku Bulawayo. "Njinga ipite ku Ntcheu, achimwene. Akaone kuti sindinangokhala." Ndinalonjeza. Ine ndikalonjeza ndalonjeza, afunseni amene anandiona pa sitalaka.

Titaika maliro, zonse zinakonzeka. Moses wa kwao komweko ankabwerera Loweruka, ndipo anavomera kuikweza sitima. Tinakumana pa bulugamu atatufe, aliyense nkhope kumbali. Ndinatsegula wanga. Che Bashiri anatsegula wao. Mai Winifred potsegula anati atsegula ngakhale ena amati mowa wao ndi wa madzi ochapira. Ndinalumbira kuti sindinanenepo. Anati anawauza ndi Laston. Che Bashiri anavula chisoti, nati za mathalauza nazonso ndi Laston. Za pompi? Laston. Zaka zisanu ndi chimodzi, anthu inu! Munthu kutimanga ife atatu ngati maunyolo ake, ife osadziwa kuti ndife maloko.

Tikanaseka, koma loko wachinayi anali chitsekere. Tinagwedeza nyumba yonse, matiresi, zitini, nsapato. Apo ndi pamene Mai Winifred anandilumphira ndi mawu aja. Kenaka Dorah anafunsa pang'onopang'ono, m'Chinyanja chake chopindika, ngati posambitsa tinamuvula kathumba ka m'khosi. Ine ndi Moses tinayang'anana. Ndani amagwira chithumwa cha munthu wakufa? Tinakakankhira m'kati mwa shati ndi kamtengo. Dorah anati, "Hayi, baba Jameson. Munalibe mankhwala. Ndinasoka ndine."

Sowo alipo, ku njanji ngwambiri. Ndinabwera naye ine ndemwe Lachisanu. Nditangotulukira pakona, amayi pampopi anasiya kutunga, wina n'kunena mokweza kuti wakuba tidzamudziwa ndi sowo. Ndinapatsa Moses, anabisa manja m'thumba. Che Bashiri anati iwo amadula nsalu basi. Sitima ya Loweruka inapita ndi Moses ndi sutikesi yake.

Njinga ikadali pa bulugamu. M'mawa kulibenso phokoso la Laston akugwedeza maunyolo kuona ngati akadali omanga, limene linkatidzutsa belu lisanalire, ndipo anthu achedwa kuntchito kangapo. Ukapereka moni pakhomopo palibe wokufunsa kuti wayang'ana chiyani, ndipo moniyo amakoma ngati ndiwo zopanda mchere. Dorah amapukutabe fumbi, n'kudziwerengera yekha masipoko. Madzulo timakhala pamenepo atatufe, Mai Winifred, Che Bashiri ndi tiyi wao, ndi ine, akuba amene tagwirizana mochedwa.

Dzulo ndinapita kumanda ndi sowo yemweyo m'manja, ndipo ndinalankhula mokweza, amene anamva anamva. Iwe Laston, unandilumbiritsa kuti njinga ipite kwanu, kiyi n'kupita naye iwe. Ndikadula ndine wakuba, ndikasiya ndine wabodza, ndipo ku Ntcheu ukadali mchona. Zaka zonsezi unkasaka wakuba, kiyi wa njinga ya amasiye ali pachifuwa pa ndani? Usandigonere ine. Yankha!